Anabwerako ku Joni ndi njinga, wailesi ndi chifuwa

Malume anga anapita ku Joni maulendo atatu. Ulendo womaliza anabwera ndi njinga, wailesi, mabulangete olemera ndi sutikesi yachitsulo imene ana sitinkaloledwa ngakhale kuikhalira. Anamanga nyumba yamalata, yoyamba m'mudzi mwathu. Koma pamene ine ndinkayamba kuzindikira zinthu, njinga ija inali itapachikidwa kuphaso, poti mwiniwake sankathanso kuipalasa. Kuchoka kudimba kufika pakhomo, kamtunda koti mwana amathamanga osapumira, iwo ankaima kawiri, manja m'chiuno, kukamwa yasa, mapewa akukwera ndi kutsika. Kuchipatala anawapatsa mankhwala a TB, anamwa mpaka kumaliza, makhololo anayezedwa n'kupezeka kuti ayera, koma kubanika sikunathe. Pamudzi panamveka zambiri. Ena ankati ndi tsempho, ena ankanong'ona kuti malata aja ndiwo anawaputira afiti. Eni akewo ankangoti, "Ndi fumbi la pansi ili, mphwanga. Linalowa, silinatuluke."

Chimene chinkandizunguza mutu ndi mnzawo wa kutsidya kwa mtsinje. Analembetsa tsiku limodzi ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, anakwera ndege imodzi, anakafikira pamgodi umodzi. Mnzawoyo anakalamba akulima yekha, ndipo anthu ankamuyamikira kuti ngwachifuwa cholimba. Ndinadzamva nditakula kuti bamboyo anangopita ulendo umodzi, ndiponso ankagwira ntchito pamtunda, kukhitchini ya pakomboni. Malume anga ankagwira makina obowolera thanthwe, kutsogolo kwenikweni kumene mgodi ukulekezera. Kusiyana kwa anthu awiriwa kuli ndi pafupifupi zonse zimene madokotala amanena akamafotokoza chifukwa chake ntchito imodzi imadya mapapo a uyu n'kusiya a uyo.

Tiyambe ndi mapapo eni akewo. Munthu atangokhala phee amakoka mpweya wokwana malita 6 mpaka 8 pa mphindi imodzi. Akamaswa mwala kapena kunyamula matumba, mpweyawo umafika malita 40 kapena kuposa, ndipo amayamba kupumira pakamwa. Ndiye kuti wogwira ntchito yathukuta amameza fumbi lochuluka kangapo kuposa kapitawo amene waima pambali pake, ngakhale onse ali m'chipinda chimodzi. Thupi lili ndi alonda ake: ubweya wa m'mphuno, mamina, ndi tiubweya ting'onoting'ono ta m'njira za mpweya timene timakankhira makhololo m'mwamba usana ndi usiku. Fumbi lalikulu, lija limaoneka ndi maso n'kutiyetsemulitsa, limakodwa pamenepa. N'chifukwa chake munthu akachoka kosesa pabwalo amamina zakuda, mawa lake ali bwinobwino.

Loopsa ndi fumbi losaoneka. Tizidutswa take n'tochepa kakhumi kapena kuposa poyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Timayandama mumpweya kwa maola ambiri fumbi lalikulu litagwa kale, timadutsa alonda onse aja, n'kukafika pansi penipeni pa mapapo, m'timatumba ta mpweya timene tilipo mamiliyoni mazanamazana. M'menemo muli maselo amene ntchito yawo ndi kumeza zinyalala ndi tizilombo. Akameza kafumbi wamba amakatulutsa kapena kukasungunula. Akameza kachidutswa ka silika, amafa nako. Kachidutswako kamatsala chikhalire, selo lina limabwera kudzakameza, nalonso limafa, ndipo malowo amatupa mpaka thupi limangowakuta ndi chipsera. Chipsera sichitamuka. Mapapo amene anali ofewa ngati siponji amayamba kuuma ngati chikopa choyanika padzuwa. Matendawa ndiwo silikosisi, ndipo alibe mankhwala owabweza. Choipa kwambiri n'choti zipserazo zimatha kupitiriza kukula munthu atasiya ntchito kalekale, chifukwa mwala uja ukadali m'katimo.

Silika si chinthu chachilendo ayi. Ndiye amapanga mchenga, ndiye mwala woyera uja wa nsangalabwi, ndipo amapezeka m'miyala yambiri imene timamangira nyumba. Mchenga wa kunyanja ku Salima suvulaza mapapo chifukwa njere zake n'zazikulu. Vuto limayamba mwala ukabowoledwa, ukaphulitsidwa, ukaperedwa kapena kudulidwa ndi makina uli wouma. Fumbi la mwala wongosweka kumene ndi lolusa kwambiri kuposa lomwe lakhalitsa. Tsono golide wa ku Witwatersrand, kumene kuli Johannesburg, ali m'thanthwe limene gawo lake lalikulu ndi silika yekhayekha, ndipo kuti apeze tigalamu tochepa ta golide amayenera kuswa tani yathunthu ya mwala, pansi pa nthaka pomwe mphepo siwomba. Migodi ina, monga wa Mponeng, yatsika pafupifupi makilomita anayi.

Pali anthu amene amati kalelo sizinkadziwika. Zinkadziwika. Golide anapezeka kumeneko mu 1886, ndipo pofika 1902 boma linali litakhazikitsa kale komiti yofufuza chifukwa chake akatswiri obowola miyala, ambiri mwa iwo azungu ochokera ku Cornwall ku England, ankafa ndi chifuwa asanakwanitse zaka 40. Msonkhano woyamba wa dziko lonse wokambirana za silikosisi unachitikira mu Johannesburg momwemo mu 1930. Ankadziwa kuti kuthira madzi pobowola kumagwetsa fumbi, ankadziwa kuti anthu asamabwerere msanga pamalo pomwe paphulitsidwa kumene. Komabe komiti ya Leon, imene inafufuza za umoyo wa m'migodi ulamuliro wa tsankho utangotha, inanena mu 1995 kuti kuchuluka kwa fumbi m'migodimo kunali kusanasinthe kwenikweni kwa zaka pafupifupi 50.

Madokotala a za matenda a pantchito amayang'ana zinthu ziwiri pamodzi: fumbi linali lochuluka bwanji, ndipo munthu analipuma kwa nthawi yaitali bwanji. Zili ngati ngongole ya pagolosale, yolembedwa pang'onopang'ono m'kope, yosafufutika. Fumbi locheperapo limatenga zaka khumi, makumi awiri kapena kuposa kuti matenda aonekere, ndipo nthawi zambiri amaonekera munthu ali kale kumudzi. Likachuluka, zaka zisanu mpaka khumi zimakwana. Likachita kunyanya, miyezi yokha. Ku America, m'boma la West Virginia, anthu mazanamazana amene ankakumba ngalande ya Hawks Nest kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1930, ambiri mwa iwo akuda, anafa patangopita nthawi yochepa chifukwa ankabowola thanthwe la silika popanda madzi. Ku Turkey anyamata ankafa ndi ntchito yowomba mathalauza a jinzi ndi mchenga kuti aoneke otuwa, mpaka boma linaletsa mu 2009. Dziko la Australia linaletsa mu 2024 miyala yochita kuumba yoyala pamatebulo a m'khitchini, itadwalitsa amisiri achinyamata amene ankaidula. Matenda omwe tinkawayesa a madala a ku Theba, ogwira m'migodi ya ku Joni aja, akugwira anthu a zaka 30.

Nanga fumbi lochuluka ndi lotani? Kwa zaka zambiri malamulo a m'migodi ya ku South Africa ankaloleza mamiligalamu 0.1 a fumbi la silika mumpweya wodzadza bokosi la mita imodzi mbali zonse. America inatsitsa malire ake a m'mafakitale ndi pamalo omanga kufika pa 0.05 mu 2016. Mlingo wa 0.1 uli ngati kanjere kamodzi kapena tiwiri ta mchere wa m'paketi mutatipera n'kutiuluzira m'bokosi lonse lija. Palibe diso loona zimenezo. Choncho pamene wodula matailosi wakutidwa ndi chimtambo choyera mpaka nsidze kutuwa, malirewo wawapitirira kutalitali.

Funso loti ndani amaima pafupi ndi fumbi silinali la mwayi kapena tsoka. M'migodi ya ku Joni malamulo a tsankho ankasankhiratu: wakuda ndiye wogwira makina obowolera, wokoleka miyala ndi fosholo, wolowa m'malo othina momwe munthu amayenda chokwawa. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi opitirira 100,000 anali m'migodi imeneyi. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi opitirira 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchitoyi. Kulembaku kunayambiranso mu 1977, bungwelo litasintha dzina kukhala TEBA, koma anthu anali ocheperapo, kenako kunatheratu mu 1988 pamkangano wa zoyeza magazi za HIV. Dzina la Wenela lokha ndilo linatsala, pamalo okwerera mabasi ku Blantyre.

Dongosolo la makontirakiti lija linkagwira ntchito ngati sefa. Mnyamata ankayezedwa asanalembedwe, wathanzi yekha ndiye ankapita. Akatha miyezi yake ankabwezedwa kwawo, matenda asanaonekere. Mzungu wopuma pantchito ankakhala pafupi ndi zipatala za migodi, ankajambulidwa m'chifuwa kawirikawiri, ndipo akapezeka ndi matenda chipukutamisozi chake chinali chochuluka kangapo kuposa cha wakuda. Wa ku Dedza kapena ku Mzimba ankakatsokomolera kumudzi, womusamala n'kukhala mkazi wake. Mabuku a mgodi ankaoneka oyera chifukwa odwalawo sanali pamgodi. Ofufuza atapita kukajambula amuna amene anagwirapo m'migodi ku Thamaga m'dziko la Botswana ndi ku Libode m'chigawo cha Eastern Cape, m'zaka za m'ma 1990, anapeza kuti mwa amuna atatu kapena anayi alionse, mmodzi anali ndi zipsera za fumbi m'mapapo. Ambiri anali asanauzidwepo ndi munthu.

Apa ndi pomwe TB imalowera, ndipo ndi pomwe nkhaniyi imasokonezera anthu ambiri, ngakhale a chipatala. Maselo aja amene silika amawapha ndi omwewonso amalimbana ndi tizilombo ta TB. Munthu wa silikosisi amadwala TB mosavuta katatu kapena kuposa poyerekeza ndi mnzake, ndipo ngakhale amene zipsera sizinayambe kuoneka pa X-ray, bola anapuma fumbilo kwa nthawi, chiopsezo chake chimakhala chokwera moyo wake wonse. Onjezanipo kagonedwe ka pakomboni, amuna khumi ndi angapo m'chipinda chimodzi pamabedi a simenti osanjikizana, ndi chikepe chotsikira pansi chimene anthu amapanikizana ngati matumba. Mmodzi akatsokomola, onse apuma. Kenako kunabwera HIV. Kafukufuku wa m'migodi ya golide anasonyeza kuti HIV ndi silikosisi zikakumana mwa munthu mmodzi, ziopsezo zake sizimangophatikizana koma zimachulukitsana. Panali nthawi imene anthu 2,500 mpaka 3,000 mwa anthu 100,000 alionse a m'migodiyi ankadwala TB pa chaka, kuchulukitsa kakhumi mlingo umene umatengedwa kuti ndi ngozi yadzidzidzi. N'chifukwa chake atsogoleri a mayiko a SADC anasainirana chikalata cha TB ya m'migodi ku Maputo mu 2012.

Pa chithunzi cha m'chifuwa matenda awiriwa amatha kufanana. Bambo amapita kuchipatala akutsokomola, awonda, akubanika. Amapatsidwa mankhwala a TB miyezi isanu ndi umodzi. Akabwerera osapeza bwino, amayambitsidwanso. Nthawi zina TB imakhalapodi, nthawi zina ndi zipsera za fumbi zokha, nthawi zambiri ndi zonse ziwiri. Funso limodzi lingathandize kwambiri, loti "Bambo, pa moyo wanu munagwirapo ntchito zanji?" Koma pamzere wa odwala zana, dokotala ali yekha, funsoli silifunsidwa kawirikawiri, ndipo wodwalayo saganiza kuti ntchito imene anaisiya zaka 25 zapitazo ikukhudzana ndi chifuwa cha lero. Ngati muli ndi kholo lotere, poliperekeza kuchipatala nenani nokha za mgodiwo musanafunsidwe.

Za fodya n'zodziwika, sindichedwapo. Utsi wake umafoola tiubweya tosesa m'njira za mpweya tija, ndiye fumbi limatsalira lambiri. Subweretsa silikosisi pawokha, koma umaonjezera kubanika, TB ndi khansa. Utsi wa nkhuni ndi makala m'khitchini yopanda zenera nawonso ndi katundu wina pamapapo omwewo, makamaka kwa amayi amene masana aswa miyala, madzulo n'kukaweramira pamafuwa. TB yakale, chibayo cha paubwana ndi kusadya mokwanira zimachititsa kuti munthu ayambe ntchito ali kale ndi mapapo operewera. Zoti matupi amasiyana n'zoona, anthu awiri opuma fumbi lofanana sadwala tsiku limodzi. Koma mawu oti "chifuwa cholimba" amangotipusitsa. Fumbi likakwana mlingo wake palibe chifuwa chimene chimapirira.

Si silika yekha. Abale athu ambiri amene makolo awo anachoka ku Nyasaland kupita ku Zimbabwe anakhazikika m'migodi ya asibesitosi ku Zvishavane ndi ku Mashava. Asibesitosi ndi mwala wa ulusi, ndipo tiulusi take timabaya mpaka kukafika pa kachikopa kokuta mapapo. Mu 1960 dokotala wina, Chris Wagner, ndi anzake anasonyeza kuti khansa ya kachikopa kameneka, yotchedwa mesothelioma, inali yochuluka pakati pa anthu a m'dera la migodi ya asibesitosi ku Northern Cape, ndipo ena mwa odwalawo anali asanagwirepo ntchito mumgodi. Ankangokhala pafupi, kapena ankasewera pamilu ya zotsalira ali ana. M'mayiko ambiri amayi adwala khansayi chifukwa chokung'untha ndi kuchapa maovolosi a amuna awo. Apa lamulo la mlingo lija limasintha pang'ono: fumbi lochepa limatha kukwana, ndipo khansayo imadikira zaka 30 kapena 40. Wosuta fodya amene wapumanso asibesitosi ali pangozi yaikulu zedi ya khansa ya m'mapapo. South Africa inaletsa asibesitosi mu 2008, koma madenga ake otuwa aja akadalipo panyumba zakale za boma, m'masukulu ndi m'makomboni kuno konse. Akakhala osasweka savuta kwenikweni. Ngozi ili kwa mmisiri amene amawacheka, kuwabowola kapena kuwapala ali ouma.

Fumbi la malasha nalo limadetsa ndi kuumitsa mapapo likapumidwa zaka zambiri, ndipo migodi ya malasha tili nayo ku Mchenga m'boma la Rumphi, ku Moatize m'chigawo cha Tete, ndi ku Hwange. Ku Copperbelt anthu a m'migodi ya kopa anazolowera kalekale kupita ku Kitwe kukayezedwa m'chifuwa kuti apatsidwe chiphaso chowalola kugwira ntchito pansi.

Ndiyeno pali fumbi la zomera ndi mankhwala, limene limagwira mwa njira ina. Ili silidikira zaka makumi awiri. Limaputa njira za mpweya kuti zizitupa ndi kuthina, mapeto ake ndi mphumu kapena chifuwa chosatha. Woyendetsa chigayo amene amaweruka ali mbuu ngati waphulusa, wosankha ndi kudinda fodya m'chigafa, wocheka matabwa, wophika buledi, wosesa m'khola la nkhuku, wopokosa chimanga chofuka nkhungu, wowotcherera zitsulo, wopopera penti pagalimoto m'garaja yotseka, onsewa ali m'gulu limodzi. M'mafakitale a thonje muli matenda odziwika ndi chizindikiro chodabwitsa: chifuwa chimathina kwambiri Lolemba, tsiku loyamba kuchokera kopuma, n'kumapepuka sabata ikamapita, mpaka patapita zaka chimadzathina masiku onse. Akatswiri a mapapo a ku America ndi ku Ulaya anawerengera mu 2019 kuti pa akuluakulu odwala mphumu, pafupifupi mmodzi mwa asanu ndi mmodzi anaitengera kuntchito. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchigwira. Ngati chifuwa chimamasuka mukapita kumudzi patchuthi n'kuyambiranso mukabwerera, n'kutheka kwambiri kuti ntchitoyo ndiyo ikukudwalitsani, ndipo amene wachoka pafumbilo msanga amatha kuchira, pomwe wochedwa amatsala nayo mphumuyo mpaka kalekale.

Masiku ano Wenela kulibe, koma fumbi lija tikulipanga tokha. Imani m'mbali mwa msewu potuluka m'tauni iliyonse. Mayi wakhala pansi, miyendo tambalale, mwala waukulu pakati ngati mphero. Dzanja lamanzere lagwira kamkombero ka tayala kotchingira kuti zidutswa zisathawe, lamanja likutsitsa hamala. Nkhope yake ili pamwamba penipeni pa mwalawo, mwina masentimita 40 okha. Kumbuyo kuli mwana, mphuno yake ili paphewa la mayi ake. Pambali pali mulu wa miyala ya kwale wodikira wogula pa wilibala. Mayiyu ali panja, mphepo ikumuthandizako, ndipo hamala situlutsa fumbi losalala lochuluka ngati makina. Koma iye alibe kontirakiti yotha. Adzakhala pamenepo zaka khumi, khumi ndi zisanu, malinga ngati tauni ikumangidwa.

Oposa apo ndi a migodi ing'onoing'ono: okumba golide ku Makanjira ndi madera ena, ofuna miyala yamtengo wapatali ku Mzimba, ndi anzathu a ku Zimbabwe amene amawatcha makorokoza. Dzenje lopapatiza lopanda polowera mphepo, mwala wa nsangalabwi, kubowola kouma, kenako kusinja mwalawo mumtondo wachitsulo kapena pachigayo mpaka usanduke ufa, nthawi zina pakhomo pomwe ana akusewera. Zonse zimene zinapha anthu ku Joni zili pamenepo, kungochotsapo dokotala wa mgodi ndi kaundula. Pamalo omanga nyumba napo, chopukusira chamagetsi chasintha zinthu. Ntchito imene kale inkachitika ndi tcheziro tsopano imatulutsa chimtambo m'chipinda chotseka.

Malawi ali ndi lamulo la chitetezo ndi umoyo wa pantchito la 1997, ndi lina la chipukutamisozi cha ogwira ntchito la 2000. Koma malamulo otere amafuna pakhale bwana wodziwika ndi wantchito wolembedwa. Waganyu, wodzilemba yekha ndi wolipidwa pa wilibala amagwera pakati. Ine ndimaona kuti kalipiridwe kameneka ndi chiopsezo pachokha, chofanana ndi silika amene. Munthu wolipidwa pa mulu saima kuti fumbi ligwe. Sapita kukatunga madzi othira pamwala pomwe mnzake akudzadza wilibala yachiwiri. Masiki ikamutentha n'kumuchedwetsa, amaitsitsira pachibwano. Sikuti ndi umbuli, wawerengera bwino lomwe: njala ndi ya lero, chifuwa n'cha zaka khumi zikubwerazo.

Pali chikhulupiriro china chofala kwambiri, choti mkaka umatsuka fumbi. Mabwana ena amagawa paketi ya mkaka poweruka, antchito n'kumadandaula ngati sanalandire. Mkaka ndi chakudya chabwino, amwe ndithu, koma umatsikira kummero wa chakudya kupita m'mimba, pomwe fumbi lili m'mapapo. Njira zake n'zosiyana, sizikumana. Kansalu komanga pamphuno ndi timasiki tansalu tija tinatsala nthawi ya Covid timagwira fumbi lalikulu lokha, losaoneka lija limadutsa ngati udzudzu paukonde wa nsomba. Masiki yothandiza ndi ya mtundu wa N95 kapena FFP2, yogwira nkhope bwinobwino popanda mpata m'mbali. Ndevu zimaisokoneza, ndipo ikada kapena kunyowa yatha ntchito. Ngakhale imeneyo akatswiri amaiika kumapeto. Choyamba ndi kuletsa fumbi kuti lisabadwe, ndipo chida chake chotsika mtengo ndi madzi: kunyowetsa mwala usanaswedwe, kudontheza madzi pampeni wa makina odulira, kuwaza pansi musanasese. Chachiwiri ndi mphepo, kugwirira ntchito panja, mphepo ikuchokera kumsana. Chachitatu ndi kutalikitsa amene alibe nazo ntchito, makamaka ana, ndi kusiya zovala zafumbi kuntchito m'malo mokazikung'unthira pakhonde.

Za chipukutamisozi cha ku Joni zinayenda chonchi. Kwa zaka zambiri lamulo la 1973 la ku South Africa linkapereka kandalama kochepa, ndipo anthu ankakhulupirira kuti wa mumgodi sangasumire kampani. Thembekile Mankayi, amene anadwala silikosisi ndi TB atagwira ntchito mumgodi wa AngloGold, analandira marandi 16,000 ndi pang'ono pansi pa lamulolo. Anakasuma, ndipo mu March 2011 khoti lalikulu loona za malamulo a dzikolo linagamula kuti ali ndi ufulu wosumira kampaniyo. Iye anali atamwalira masiku ochepa chigamulocho chisanaperekedwe. Chigamulo chimenechi chinatsegula khomo la mlandu wa gulu, umene khoti la ku Johannesburg linauvomereza mu 2016. Makampani asanu ndi limodzi, African Rainbow Minerals, Anglo American South Africa, AngloGold Ashanti, Gold Fields, Harmony ndi Sibanye-Stillwater, anagwirizana zopereka marandi osachepera 5 biliyoni, khoti linavomereza mgwirizanowo mu July 2019, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti lizilipira. Limayang'ana amene anagwira ntchito yafumbi m'migodi ya golide ya makampaniwa pakati pa 12 March 1965 ndi 10 December 2019, posatengera dziko limene munthu amachokera, ndipo amasiye a omwalira nawonso angathe kupempha. Ndalamazi n'zosiyana ndi za penshoni zimene madala a ku Theba akhala akuzilondola kwa zaka zambiri, ngakhale pokamba anthu amazisakaniza.

Chovuta n'choti zonsezi zimayendera umboni: kuti munthu anagwira pamgodi uti, zaka ziti, ntchito yanji, ndiponso kuti matenda ake ndi a fumbidi. Wamoyo angathe kujambulidwa ndi kuyezedwa mphamvu ya mapapo. Kwa womwalira pamafunika mapepala a chipatala otchula matendawo, kapena zotsatira za kupimidwa kwa mapapo ake, zimene lamulo la ku South Africa limalola koma kumudzi kwathu kunalibe amene anazimvapo.

Malume anamwalira nkhani za makhotizi zisanayambe. Kabuku kawo ka kuchipatala kanangolembedwa zilembo ziwiri, TB. Titamva pawailesi za Tshiamiso, ine ndi msuweni wanga tinakatsegula sutikesi yachitsulo ija kufuna mapepala a kontirakiti. Chiswe chinali chitalowera pakona yadzimbiri n'kudya zonse, makalata, ziphaso, ngakhale zithunzi. Pansi pa dothilo tinapeza kachibangili ka pamkono kolembedwa nambala yawo ya pamgodi, manambala awiri omalizira atafufutika.